Kodi do amakhala pa mavolti angati?

Funso langa ndi lalifupi, koma landikhala pamtima nthawi yaitali. N'chifukwa chiyani wailesi ya kaseti ikamatha mabatire nyimbo imatsika mawu, pamene kiyibodi ya kutchalitchi, batire likamatha, mawu ake satsika ngakhale pang'ono?

Amene munakula m'ma 1990 kuno kwathu, ku Nsaru, ku Kabudula, mpaka ku Nambuma, mukukumbukira. Paukwati kapena pamowa, kaseti ya Lucius Banda kapena ya Alleluya Band ili mkati molira, mabatire akayamba kufooka, woimba ankayamba kukoka mawu, liwu n'kunenepa, la mayi n'kusanduka la bambo. Ana ankaseka, akulu n'kutulutsa mabatire aja kukawayanika padzuwa. Lero makwaya ambiri ali ndi kiyibodi, ndipo kumene mawaya a ESCOM sanafike amailumikiza ku batire la galimoto kapena la sola. Batire likafooka mawu amasasa, kagalasi kamayamba kuthimathima, kenako zii. Koma kufikira mphindi yomaliza, do amakhalabe do. Zonse ziwiri zimadya magetsi. Nanga bwanji njala ikazigwira zimalira mosiyana?

Ndinakafunsa mwana wa mlongo wanga, amene amakonza mawailesi ndi mafoni pakhonde la sitolo ina pa Nsaru.

"Atsibweni," anatero, "kaseti imayenda ndi kamota. Tepi iyenera kudutsa masentimita 4.76 pa sekondi. Batire likafooka kwambiri kamota kamachedwa, tepi imachedwa, ndiye mawu amatsika. M'kamotamo muli kasikulu kosinthira liwiro, ndipo ife timakapotoza tikumvera ndi khutu mpaka woimba abwerere pa liwu lake."

"Nanga kuchedwa kukukhudzana bwanji ndi kutsika, iwe? Munthu akamayankhula pang'onopang'ono satsika mawu."

Anandiuza kuti liwu lililonse ndi kunjenjemera. Chinthu chikanjenjemera mofulumira timamva liwu lokwera, chikanjenjemera mochedwa timamva lotsika. Tepi ikachedwa, kunjenjemera konse kumene kunajambulidwamo kumachedwa nayo. Kiyibodi ilibe kamota. Ili ndi kamwala ka quartz, kofanana ndi ka m'wotchi yapamkono, kamene kamagunda pa liwiro limodzi bola magetsi akwane okadzutsa, ndipo kakompyuta ka mkatimo kamawerengera mawu onse kuchokera pa kugunda kumeneko. Magetsi akachepa kamangosiya, sikachedwa.

Ndikanakhutira pomwepo, koma mnyamatayo anawonjezera mawu amene anandisowetsa tulo. Anati kunali makiyibodi ena, ndipo akupangidwabe, amene kuchuluka kwa magetsi ndiko kumanena liwu loti lilire. Ukaonjeza mavolti liwu limakwera, ukachepetsa limatsika, ndipo zimenezi anazichita dala. Makina ake ndi ma synthesizer a mtundu wa analog. Zina mwa zotsatirazi anandiuza iye, zina ndinadziwerengera ndekha, ndipo yankho lililonse linkabala funso lina.

Choyamba, ngati liwu ndi mavolti, do ali pa mavolti angati? Yankho linandidabwitsa: alibe nyumba yake. Woimba amapotoza kachitsulo n'kumuika pamene afuna. Chimene sichiyenera kusuntha ndi mtunda wochokera pa do wapansi kufika pa do wapamwamba, umene oimba amati octave. Robert Moog wa ku America, amene anaonetsa makina ake oyamba mu 1964 akugwirira ntchito m'katauni ka Trumansburg m'chigawo cha New York, anasankha lamulo losavuta kukumbukira: volti imodzi, octave imodzi. Pakati pa do ndi do mnzake pali mabatani 12, oyera ndi akuda pamodzi, choncho batani lililonse limaonjeza gawo limodzi mwa magawo 12 a volti. Amisiri amagawa volti m'tizigawo 1,000 totchedwa mamilivolti, ndiye batani limodzi ndi mamilivolti 83 ndi pang'ono. Pansi pa mabatani a makina akale a Moog panali mzere wa marezisita ofanana ndendende, olumikizana ngati unyolo, ndipo chala chikadina batani chinkatapa magetsi pamalo ake a batanilo mumzerewo.

Mpaka apa ndinkatsatira bwino. Vuto linabwera nditaona manambala a kunjenjemera kuja. Liwu limene oimba amatcha A limanjenjemera ka 440 pa sekondi, monga anapangana pamsonkhano wa ku London mu 1939. A wotsatira kumwamba ndi 880, winayo 1,760. Kutsika m'munsi ndi 220, kenako 110. Khutu langa limamva kuti kuchoka pa 110 kufika pa 220 ndi mtunda womwewo ndi kuchoka pa 880 kufika pa 1,760. Koma woyambawo ndi 110 yekha, pamene wachiwiriwo ndi 880. Zingafanane bwanji? Zikuoneka kuti khutu siliwerenga mophatikiza, limawerenga mochulukitsa: kawiri, kawirinso, kawirinso. Aliyense amene anagwirapo gitala anaziona ndi maso ngakhale sanaziganizire. Tizitsulo ta pakhosi pa gitala timatalikirana kumutu, n'kumayandikana potsikira kumimba, ndipo kachitsulo ka nambala 12 kali pakati penipeni pa chingwe. Anyamata opanga banjo ya chigubu amapeza malo amenewa ndi khutu lokha.

Ndiye mabatani akuphatikiza, 1, 2, 3, 4, pamene khutu likufuna 110, 220, 440, 880. Bwanji osangopanga mabatani oti nawonso azichulukitsa? Ndinasangalala kumva kuti funsoli ena analifunsa kale. Makampani a ku Japan, Korg ndi Yamaha, anatsata njira imeneyo pa makina awo ambiri a m'ma 1970. Pa Korg MS-20 ya mu 1978, liwu likakwera octave imodzi mavolti amawirikiza kawiri, mwachitsanzo 1, 2, 4, 8. Njirayi ndi yokhazikika ndithu, koma ili ndi zake. Mawu otsika amapanikizana m'timavolti tochepa kwambiri, moti kulakwitsa pang'ono kumamveka msanga. Komanso taganizirani zimene amachita woimba kiyibodi kutchalitchi mayi wotsogolera nyimbo akayambira pamwamba: amadina batani la transpose, nyimbo yonse n'kusamukira pa kiyi ina. Pa njira ya Moog zimenezi n'zophweka, umangoonjeza mamilivolti ofanana pa liwu lililonse, nyimbo yonse yakwera osapindika. Pa njira inayo uyenera kuchulukitsa. Ndipo ukalumikiza mabatani a njira imodzi ku makina a njira inayo, nyimbo imatuluka yopotoka yosadziwika mutu wake. Makina a Don Buchla wa ku California nawonso ali ndi muyeso wawo, mavolti 1.2 pa octave, kuti batani lililonse likhale mamilivolti 100 ndendende. Magulu atatu, miyeso itatu, ndipo palibe amene ananama.

Kwa amene anatsata Moog, pankafunika womasulira pakati pa kuphatikiza ndi kuchulukitsa. Apa ndi pamene ndinaima nthawi yaitali, chifukwa womasulirayo ndi tiranzisita, kanthu ka miyendo itatu kamene kamapezeka m'wailesi iliyonse yakufa pa tebulo la mphwanga uja. Chibadwa chake n'chakuti ukaonjeza mamilivolti pafupifupi 18 pa mwendo wake umodzi, magetsi odutsamo amawirikiza kawiri. Ukaonjezanso 18, kawirinso. Palibe anakaphunzitsa, ndi mmene silikoni amachitira. Magetsi owirikizawo ndi amene amafulumizitsa chigawo chopanga liwu, ndipo liwu limakwera octave.

Koma mabatani akupereka mamilivolti 1,000 pa octave, tiranzisita ikufuna 18 okha. Choncho volti ija iyenera kuchepetsedwa pafupifupi ka 55 isanafike pa mwendo uja. Ntchito yonse yagona pamenepa. Marezisita ndi amene amachepetsa, ndipo pakati pawo pali kasikulu kakang'ono kamene mmisiri amapotoza kuti muyeso ukwane ndendende.

"Ukaphonya pang'ono chimachitika n'chiyani?" ndinafunsa. "Kodi khutu lingamve kusiyana kwa kanthu kochepa chotero?"

"Tiwerenge limodzi, atsibweni."

Tinawerenga. Muyeso ukaphonya ndi gawo limodzi lokha mwa magawo 100, pa octave yoyamba anthu ambiri sangazindikire. Koma cholakwacho chimaunjikana. Pa octave yachiwiri chawirikiza, ndipo pofika yachisanu liwu laphonya kupitirira theka la batani. Kumanzere kwa kiyibodi zonse zili bwino, kumanja kwaya ikuyang'anana. Izi n'zosiyana ndi gitala yongomasuka zingwe, imene ukaikunga imabwerera yonse. Apa do wapansi akhoza kukhala wolondola, do wapamwamba n'kukhala wonama, ndipo ukakonza wapamwambayo ndi kachitsulo kochunira, wapansi uja amasokonekera. N'chifukwa chake mmisiri amayatsa makinawo n'kuwasiya kaye atenthe, kenako amachuna liwu lotsika, n'kudumphira lokwera, n'kupotoza kasikulu ka muyeso, n'kubwereranso pa lotsika, popeza kupotoza kuja kwalisuntha nalonso. Amapita ndi kubwera mpaka mbali zonse zigwirizane. Makina ambiri ali ndi kasikulu kenanso ka mawu okwera kwambiri, chifukwa kumeneko amakonda kutsalira m'munsi.

Nanga bwanji kuwasiya kaye atenthe? Kodi magetsi amamva kuzizira? Tiranzisita imamva. Mamilivolti 18 aja si okhazikika: kutentha kukakwera digiri imodzi, muyesowo umakula ndi gawo limodzi mwa magawo pafupifupi 300. Chikuoneka chochepa, koma taganizirani nyengo yathu. M'mawa wa mu July ku Namitete munthu amafunda bulangete pamoto, pamene masana a mu October pansi pa malata a tchalitchi thukuta limachita kuyenderera. Ngakhale tsiku limodzi lokha, pakati pa mapemphero a m'mawa ndi a masana, kutentha kukhoza kusiyana madigiri 10. Popanda chotetezera, madigiri 10 amenewo amafupikitsa octave iliyonse, moti pokwera ma octave atatu liwu latsalira pafupifupi batani lathunthu.

Pamenepa mtima wanga unakhala pansi, chifukwa zimenezi ndimazidziwa. Kudambwe kapena pabwalo la chimtali, usiku ukazizira chikumba cha ng'oma chimalefuka, mbalule imayamba kulira mogonthera, ndipo woimba amapita nayo pamoto kukaiwamba. Amaiwamba, amaigogoda ndi chala, amamvera, amaiwambanso, ndipo ikakwera kwambiri amamata phula pakati kuti itsike. Palibe amanena kuti ng'omayo ndi yowonongeka. Ndi mmene chikumba chilili, ndipo kuisamalira ndi mbali ya kuimba. Amisiri a ma synthesizer nawonso anafika pa nzeru yomweyo. Ena anaika kotenthetsera kakang'ono pamodzi ndi tiranzisita kuti izikhala pa kutentha kumodzi nthawi zonse, kaya kunja kuzizire kaya kutenthe. Ena anagundanitsa tiranzisitayo ndi rezisita yapadera imene imasintha ndi kutentha pa mlingo womwewo, kuti imodzi ikasuntha inzake ibweze. Ndipo pafupifupi onse amaika matiranzisita awiri ofanana pamodzi, kuti wina azichotsa kusuntha kwa mnzake.

Funso lotsatira aliyense angalifunse: n'kuvutikiranji chonsecho? Ambiri anatopa nazodi. Oimba a Minimoog, imene inatuluka mu 1970, ankachuna pakati pa nyimbo ndi nyimbo magetsi a papulatifomu akawotcha. Mu 1978 kunabwera Prophet-5, yokhala ndi kakompyuta kodzichunira yokha ukadina batani. Mu 1983 Yamaha inatulutsa DX7, yopanga mawu ndi manambala okhaokha, ndipo chaka chomwecho makampani anagwirizana pa MIDI, njira yoti makina azitumizirana nambala ya batani m'malo mwa mavolti. Muno mu Africa analipo amene anagwira makina akalewo, monga William Onyeabor wa ku Enugu ku Nigeria, amene anajambula nawo nyimbo zake kumapeto kwa m'ma 1970 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1980. Koma pamene makiyibodi ankafalikira m'mabandi ndi m'makwaya a kuno, anali kale a manambala. Tinalandira chida chosaphonya, ndipo sindikuchinyoza. Mphunzitsi wa kwaya ku Mpingu ali ndi zokwanira zomudetsa nkhawa, sangafunenso kumayenda ndi sikuludiraiva m'thumba Lamulungu lililonse.

Komabe pali funso limodzi limene mphwanga sanaliyembekezere, ndipo ndi limene ndimalisamala kuposa onsewa. N'chifukwa chiyani volti ija tikuigawa pa 12? Anatero ndani?

Tiranzisita sidziwa za 12. Imangodziwa kuwirikiza. Nambala 12 ndi ya maimbidwe a ku Ulaya, amene piyano imatsata, ndipo Moog anaitenga chifukwa oimba amene ankawapangira makinawo anazolowera piyano. Koma si anthu onse amagawa octave motero. Andrew Tracey, amene anafufuza nyanga za Anyungwe ku Tete ndi valimba ya kuchigwa cha Shire, analemba kuti zida zimenezi zimagawa octave m'magawo 7 otsala pang'ono kufanana. Pa kiyibodi, mabatani oyera nawonso ndi 7, koma mitunda yake siyofanana: kuchoka pa mi kupita pa fa ndi pafupi, kuchoka pa fa kupita pa so ndi patali. Pa valimba mitundayo imakhala pafupifupi yofanana yonse, ndipo mawu ake ambiri amagwera m'mipata ya pakati pa mabatani, pamene palibe chala chingadine. Bambo a Andrew, Hugh Tracey, anayenda m'Nyasaland m'ma 1950 akujambula bangwe, kalimba ndi zida zina, ndipo ankayeza mawu ake ndi tizitsulo tochunira. Komatu kalimba imene iye anadzayamba kugulitsa kunja anaichuna pa do re mi ya Azungu, kuti ogula aimve ngati yawo.

Tsono taonani chimene chandigwira mtima. Pa synthesizer ya analog, ukapotoza muyeso uja dala, kuti batani lililonse lizionjeza gawo limodzi mwa magawo 7 a octave, kutanthauza mamilivolti pafupifupi 143 m'malo mwa 83, mabatani 7 otsatizana amakupatsa mayendedwe oyandikana ndi a valimba. Kusuntha kwa muyeso kumene mmisiri wa ku America amakutcha vuto, n'kumakhala tsiku lonse akukuchotsa, ndi khomo lomwelo limene zida zathu zikanalowera. Kiyibodi yotsika mtengo imene makwaya athu amasonkherana kugula siphonya chifukwa khomo limenelo linatsekedwa kufakitale. Si kuti makina a manambala sangathe. Yamaha ndi Korg amapanga makiyibodi apadera a oimba a Chiarabu ndi a ku Turkey, okhala ndi mabatani otsitsira liwu lina pang'ono kuti ligwirizane ndi nyimbo zawo. Anthu amenewo anakana kusiya mawu awo, ndipo amalonda anamva. Ife tinapemphapo?

Ndimafunsa chifukwa cha zimene ndimamva ndi makutu anga. Kuchokera pamene msonkhano waukulu wa Vatican wachiwiri unatha mu 1965, maparishi ngati Nambuma ndi Namitete analola ng'oma, zisekese ndi maimbidwe akumudzi kulowa m'tchalitchi. Amayi achikulire akamaimba okha, pamaliro kapena pa mphakati, pali mawu ena amene amawaika pamalo pawopawo, otsikirako pang'ono kusiyana ndi a pa kiyibodi, ndipo onse amafikapo limodzi popanda wowauza. Kiyibodi ikalowa, mnyamata woiimba amakweza dzanja, nyimbo imaima, ndipo amati, "Amayi, mwataya kiyi." Amayiwo amavomera mwaulemu n'kuyesanso, mpaka liwu lawo ligwere pa batani. Nthawi zina amakhala atatayadi, poti munthu akatopa mawu amatsika. Koma nthawi zonse? Anthu 20 angaphonye pamalo amodzimodzi, ndi mlingo umodzimodzi, chaka ndi chaka? Ngati onse agwirizana, kodi kumeneko si kuchuna kwawo? Ndipo mwana amene wakula akumva kiyibodi yokha, adzathanso kuwapeza malo amenewo agogo ake akadzapita?

Zipangizo zopangira chigawo chimodzi cha synthesizer yotere si zachilendo: matiranzisita awiri ofanana, marezisita, makapasita, tizipangizo tokuzira magetsi, ndi mita yoyezera mavolti imene wokonza mawailesi aliyense ali nayo. Batire la galimoto likhoza kuiyendetsa, bola pakhale chigawo chogwira mavolti kuti asatsike pamodzi ndi batirelo. Mnyamata kapena mtsikana wa luso la manja, wa pa Namitete Technical College kapena wa pakhonde la sitolo pa Nsaru, akhoza kuipanga. Ndinamufunsa mphwanga ngati angayese. Anaganiza kaye, kenako anati mawu a amayi aja sali pa mitunda yofanana, choncho kasikulu kamodzi sikangakwane. Batani lililonse lingafune kasikulu kakekake, ndipo aliyense ayenera kupotozedwa munthu akuimba pafupi.

"Zimenezo ndingathe, atsibweni," anatero. "Koma mundiuze kaye: tikayeza mawu a ndani? A amayi a ku Kabudula, kapena a ku Nambuma? Poti inu nomwe mumati saimba mofanana."